Ndinaonetsa Amayi Tauni ya Azungu

M'chipinda chodyera cha hotela imene ndinkagwirako ntchito ku Gatuma, kumene lero mukuti Kadoma, munali chithunzi chachikulu cha nyumba yogumuka. Inali nyumba yozungulira ngati khola, yamazenera ambirimbiri opanda magalasi, mbali ina itagwa, denga palibe. Ndinkachipukuta fumbi m'mawa uliwonse ndisanayale mathebulo. Tsiku lina dona wina wochokera ku Mangalande, ine ndikumuthirira tiyi, anachiloza ndi supuni n'kuuza anzake kuti iye anafikako. Anati ndi ku Roma, ndipo kumeneko mlendo amalemba ganyu munthu wakewake woti ayende naye tsiku lonse, akumuonetsa mabwinja, matchalitchi akale ndi manda a anthu amene anafa kalekale. Anati anabwerako miyendo itatupa, koma sanadandaule.

Nditakafotokoza kukhichini tinaseka mpaka wophika anapsereza anyezi. Kulemba ganyu munthu kuti akuonetse bwinja! Ife mabwinja tinawasiya kwathu aulere, ndipo palibe ankafuna kukawaona. Sindinadziwe kuti ganyu imeneyo ndidzaigwira inenso, kamodzi kokha, ndipo mlendo wake adzakhala amayi anga ondibereka.

Kuti nkhani imveke ndiyambe ndi mng'ono wanga. Ndine ndinamuitana. Ndinalemba kalata kumudzi, kwathu ku Ntcheu, kuti abwere kuno kuli ntchito, asamangokhalira kupalira nandolo. Anabweradi, koma za m'hotela sanazithe, mbale zinkamupulumuka m'manja. Analowa pa kamgodi ka golide ka mzungu mmodzi, kuseri kwa Hatile, kumene lero mukuti Chegutu. Chaka chisanathe, mwala unamugwera pansi pa mgodi. Uthenga unandipeza Lachinayi ndi munthu wa panjinga, kuti amuika mawa lake chifukwa kunali kutentha.

Sindinapite. Sabata imeneyo alimi achizungu anadzaza hotela, ndipo bwana anali atanena kuti wochoka achokeretu. Ndinachita mantha, ndinene mosabisa. Ndinati ndipita Lamulungu. Lamulungu litafika ndinati ndatopa, ndipita linalo. Kenako anandigwira manyazi: anzake a pamgodi akandiyang'ana bwanji, mkulu wake wofika maliro atazizira? Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pamene ndimati ndilimbe mtima, ndinamva kuti golide watha, mzungu wasamuka, anthu abalalika, ena ku Chakari, ena m'mapulazi.

Kumudzi ndinalemba zina. Ndinalemba kuti ndinamusambitsa ndekha, ndinamuika ndekha, ndipo ndamumangira chiliza cha simenti. Cholembera sichichita manyazi. Ndinkati Ntcheu ndi kutali, ndani adzabwere kudzaona?

Patapita zaka ziwiri, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, wophika anandikodola kuti kukhomo la kuseri kuli anthu akundifuna. Ndinatuluka thireyi ili m'manja. Pansi pa mpanda, pafupi ndi migolo ya zinyalala, panakhala amayi. Anabwera ndi mkazi wina wa kwathu amene ankatsatira mwamuna wake ku Chakari. Anakwera malole a ulere aja onyamula anthu okafuna ntchito, odutsa ku Tete, kenako sitima, masiku ambiri panjira, pomwe amayi chibadwire anali asanapitirirepo pa boma. Anali ataonda, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, kamtolo kali pamiyendo. Ndinagwada kuwapatsa moni, ndipo mumtima simunali kukondwa kokha.

Madzulo ake, m'kachipinda kanga ku lokeshoni, atasamba ndi kudya, anamasula mfundo ya nsalu yawo n'kutulutsa kansalu koyera ka bafuta, katsopano, kopinda kanayi.

"Bambo," anatero. Chimerere ndevu amayi ankanditcha choncho. "Ine sindinabwere kudzacheza. Mng'ono wanu akundivuta kutulo. Amangoima pakhomo, kulowa salowa, kuchoka sachoka. Amalume anu akuti ndikatape dothi la pamanda ake m'kansalu aka, tikaliike pafupi ndi bambo ake, mwina n'kugona. Mawa tipite."

Bwana anali atandipatsa masiku awiri okha. Kamgodiko ndinkangokamva dzina, ndinali ndisanapondeko phazi.

"Mawa ayi, amayi," ndinatero. "Kuno mwambo wake ndi wina. Mlendo sayamba ndi kumanda. Amayamba waona tauni, waidziwa, kenako zinazo. Ngakhale ku Ulaya amatero."

Anakoka fodya wawo wamphuno, nayetsemula, napukuta chala pansalu.

"Mwambo wa eni dziko sitikana."

Nzeru yanga inali iyi, ndipo ndikuinena ndi manyazi mpaka lero. Ndinkafuna ndiwayendetse tsiku lonse padzuwa, miyendo itupe, kuti tsiku linalo anene okha kuti, bambo, ine sinditha, pitani mukanditapire. Ndikanapita kuseri kwa lokeshoni, n'kutapa dothi pachulu chilichonse, n'kubwera nalo nkhope ili yachisoni. Dothi ndi dothi, ndani angalifunse kumene lachokera? Nditayang'ana mapazi awo n'kuona kuti alibe nsapato, Mulungu andikhululukire, mtima unakhala pansi.

Tinanyamuka dzuwa litakwera kale, mwadala. Ine ndinavala jekete, tayi ndi nsapato zopolisha, kuti ndioneke munthu wodziwa tauni. Gatuma wa masiku amenewo anali wa azungu. Ife tinkalowamo chitupa chili m'thumba, maso uku ndi uku ngati nkhuku yolowa m'khichini mwa eni. Misewu inali yotakata, mitengo ya jakaranda ikuyoyola maluwa ake abuluu, phula litafewa ndi kutentha. Ndinkayenda patsogolo, amayi pambuyo, kansalu kawo atakamangirira m'chiuno.

Ndinayamba ndi siteshoni. Ndinawaonetsa njanji, thanki yomwetsera injini, ndi mzungu wa chipewa woimba wezulo. Ndinakweza mawu ngati mphunzitsi, kuti iyi imapita ku Bulawayo, iyo ku Sozibele.

"Sitimayi si yomwe yandithyola msana dzulo?" anafunsa. "Ndaiona kale. Ndaiona mkati ndi kunja komwe."

Tinapita kokapota thonje, kutali ndithu, ndipo ndinasankha njira yozungulira. Tinaima kunja kwa waya, makina akubangula mkati, ulusi wa thonje ukuuluka n'kumatikakamira m'tsitsi. Ndinawauza kuti thonje lonse la dziko lino limathera pano. Anafunsa kuti amalima ndani. Ndinati ambiri ndi anthu akwathu. Anafunsa kuti nanga mkatimo akusenza mabelo ndani. Ndinati akwathunso.

"Ndiye mudzi wonse uli kuno," anatero. "Ife tikusunga akazi ndi mbuzi."

Pobwerera m'tauni ndinali nditazolowera ganyu yanga. Pakamwa panayamba kuthamanga pokha. Ndinati positi ofesi inamangidwa ndi njerwa zochokera ku Mangalande. Ndinati banki ili ndi chipinda pansi pa nthaka chimene chimafika mpaka kusiteshoni. Ndinati tchalitchi cha azungu belu lake limamveka ku Hatile. Zonsezi ndinkazipeka pomwepo. Bodza likayamba ulendo silisowa anzake oliperekeza. Amayi ankangoti, "Eya," kapena "Kodi," mapazi akuwasinthasintha pa phula lotentha.

Pa msewu wa masitolo anakwera pakhonde, pamene panali mthunzi. Kutsogolo kunkabwera dona akukankha mwana pa kangolo, ndipo patsidya panaima wapolisi. Ndinawagwira pamkono n'kuwabwezera mumsewu. Ndinawakoka mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira, mwakuti anadzandira.

"Kodi mthunzinso uli ndi mwini wake kuno?"

"Uli naye, amayi."

Anangokonza nsalu paphewa n'kupitiriza kuponda phula lija. Ndinaumva moto wake kudzera m'nsapato zanga zomwe, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Masana ndinawagulira banzi pa kazenera ka kuseri kwa sitolo, pamene ife tinkagulira. Madzi tinamwa pa mpopi wa kuseri kwa galaja, ndi manja. Pakati pa tauni panali bwalo la kapinga wothiriridwa, mabenchi ali m'mithunzi, opanda munthu. Amayi analunjika benchi ina. Ndinati penti yake sinaume. Anaiyang'ana benchiyo, penti itakalamba mpaka kusupuka, kenako anandiyang'ana ine. Anakakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, natambasula miyendo, nadya banzi lawo pang'onopang'ono. Ine ndinaima pambali ngati mlonda, thukuta likutsetsereka m'kati mwa jekete. Ndinali nditatopa kale kuposa iwo, ndipo tsiku linali lisanafike pena paliponse.

Hotela yathu tinaionera tsidya lina la msewu. Ndinawaonetsa khonde, mipando ya nsungwi, ndi anzanga ovala zoyera akuyendayenda ndi mathireyi.

"Munkalemba kuti mumadya ndi azungu."

"Ndimakhala pomwepo akamadya."

"Mutakhala pansi?"

"Nditaimirira, kumbuyo kwawo."

Pofuna kuthawa nkhani imeneyo ndinawafotokozera za chithunzi chija, ndi za dona amene analemba ganyu munthu ku Roma kuti amuonetse mabwinja ndi manda. Ndinkati aseka ngati mmene tinasekera kukhichini. Sanaseke.

"Dona ameneyo ndi wanzeru," anatero. "Anayenda ulendo wautali, anamuonetsa manda, a eni ake. Ine ndayenda ulendo wautali, manda angaanga, ndikuonetsedwa sitima."

Dzuwa litapendeka tinafika pa chipilala cha mwala chimene panalembedwa maina a azungu a m'deralo amene anafera kunkhondo. Ndinkafuna kungodutsa, chifukwa chilichonse chonunkha maliro ndinkachizemba tsiku limenelo. Amayi anaima.

"Awa ndi manda?"

"Ayi, ndi chikumbutso chabe. Anthu ake anafera kutali, kutsidya kwa nyanja. Mitembo sinabwere."

"Nanga zolembazo?"

"Maina awo."

"Werengani."

Ndinawerenga, lilime likupunthwa pa maina achizungu. Anamvetsera onse mpaka lomaliza, mutu uli pansi, ngati ndi ana a pamudzi pathu.

"Ndiye kuti amayi awo akafuna kulira amabwera pano," anatero. "Ali ndi poti aloze." Anatembenukira kwa ine. "Pa chiliza cha mng'ono wanu munalembapo dzina?"

"Simenti inauma msanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati tizipita.

Tinafika ku lokeshoni dzuwa likulowa. Mapazi awo anali atatupa, matuza atatuluka kuzidendene, lina litaphulika kale. Nzeru yanga inali itagwira ntchito, ndipo ndinadzida. Ndinawatenthetsera madzi, ndinathiramo mchere, ndinawaikira beseni. Atalowetsamo mapazi anatseka maso n'kuluma mlomo. Ndinadikira kuti anene okha. Sananene. Ndiye ndinayamba ine.

"Amayi, kumgodiko ndi kutali, ndipo basi sifikako. Ndi mapazi amenewa simukafika. Ndipatseni kansaluko, ndikakutapireni."

Maso sanatsegule.

"Pobereka sindinatume munthu."

M'mawa mwake anang'amba chigamba cha nsalu yakale, anakulunga mapazi onse awiri, natsogola kupita kusiteshoni.

Tinatsika ku Hatile dzuwa lisanapse. Kuchokera pamenepo unali ulendo wapansi, ndipo njira sindinkaidziwa. Ndinkangodziwa dzina la pulazi yoyandikana ndi kamgodiko. Aliyense wokumana naye ndinkamufunsa m'Chishona, chimene amayi sankamva, n'kumawauza kuti ndikupereka moni kwa anzanga. Titadutsa wachinayi anati, "Muli ndi anzanu ambiri kuno, bambo. Koma onse moni wawo ndi woloza ndi dzanja." Ndinaseka kaseko kouma. Kawiri konse tinasochera n'kubwerera. Tchire linali litapsa, mthunzi kulibe, nyenje zikulira mpaka m'mutu kuwawa. Amayi ankatsimphina osadandaula, zigamba zija zitada bii.

Tinafika masana. Panali chitsulo cha makina operera miyala chitachita dzimbiri, mulu wa mchenga woyera, ndi dzenje lalikulu atalitchinga ndi minga. Nyumba za pakomboni zinali zitagwa, patangotsala mafuwa akuda ndi mitengo ya mapapaya youma. Linali bwinja lenileni. Mayi wina wachishona ankatola nkhuni pamenepo. Ndinamufunsa chapansipansi za manda.

"Makuva? Ari seri kwechuru icho," anatero, akuloza kuseri kwa chulu.

Kuseri kwa chuluko kunali mitumbira, mwina makumi awiri, mwina kuposa. Moto wa tchire unali utadutsapo. Mitanda yamitengo, ngati inalipo, inali phulusa. Mitumbira ina inali itatitimira, ina itakumbidwa ndi nyama, pa ina panali mbale yadzimbiri kapena kapu yobooka. Panalibe dzina ngakhale limodzi. Koma kumapeto kwake kunali manda amodzi owaka ndi simenti, osalembedwa kanthu. Nditawaona ndinati Mulungu wandikonda, ngati kuti Mulungu amathandiza pa zoterozo.

"Ndi apa, amayi," ndinatero, ndi mawu omwe aja ndinkaonetsera banki. "Simenti ndinaisenza ndekha kuchokera ku Hatile."

Amayi anathyola nthambi za chitsamba, anazimanga tsache, nayamba kusesa. Anasesa phulusa lonse, anazula ziputu za udzu, anapukuta simenti ndi dzanja mmene ankatipukutira kumaso tili ana. Kenako anagwada kumutu kwa manda, anamasula kansalu kaja, nakayala pansi. Anawomba m'manja katatu. Anatchula dzina la mng'ono wanga, dzina lake la ubwana limene ine ndinali nditaiwala kuti linalipo.

"Ndine mayi ako," anatero. "Ndabwera kudzakutenga. Wakhalitsa kwa eni. Dzuka, tiye kwathu, ukagone pafupi ndi bambo ako."

Analowetsa zala m'dothi la m'mbali mwa simenti, natapa dzanja limodzi.

Ndinali nditaganiza kuti zikafika apa ndipuma. Koma ndinayamba kuona zimene ndikuchita. Munthu wagona apayu sitikumudziwa. Mwina ndi Msena, mwina Mbemba, mwina ali ndi ake amene anamuwakira simentiyi ndipo adzabwera kudzamufuna. Amayi amunyamula m'chiuno kudutsa Tete, akamugoneka pakati pa makolo athu, mlendo wosamva ndi chinenero chomwe. Zimenezo zinandiopsa, koma si zimene zinandithyola. Chimene chinandithyola ndi ichi: mng'ono wanga anali pomwepo, pa umodzi wa mitumbira imeneyo, mwina mapazi asanu kuchokera pamene ndinaima. Ankamva amayi ake akumuitana pakhomo la munthu wina. Tikanachoka, iye n'kutsala kachiwiri, ndipo kachiwirinso womusiya ndine.

Ndinagwada n'kuwagwira dzanja dothi lisanagwere pa kansalu.

"Amayi, lekani. Si uyu."

"Nanga ndi uti?"

"Sindikudziwa. Pa maliro sindinabwere. Chiliza sindinamange. Malo ano ndafika lero, limodzi ndi inu."

Ndinadikira kuti alire, kapena anditukwane, kapena andimenye ndi tsache lija. Ndikanakonda akanandimenya. Anangochotsa dzanja langa pa lawo. Anabwezera dothi pamene analitapa, analisalaza bwinobwino, nawomba m'manja.

"Pepani eni nyumba," anatero kwa manda aja. "Ndagogoda pakhomo polakwika. Gonani."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe," anatero. Bambo uja anathera pomwepo. "Dzulo ndinaona. Mwana wanga ndimamudziwa akayamba kulongolola. Koma ndinati mwina ndikumulakwira, munthu sanganame za maliro a mbale wake." Anatola tsache lawo. "Vula chijekete chakocho. Thyola tsache."

Tinasesa manda onse. Tinayamba kumapeto kuno mpaka kumapeto uko, dzuwa lili paliwombo, madzi tilibe. Ine ndinkazula ziputu ndi kukwirira maenje a nyama ndi manja, amayi ankasesa atawerama, akukoka mapazi awo okulunga aja. Pa mtumbira uliwonse ankaima, n'kutchula dzina la mng'ono wanga, n'kudikira pang'ono. Nanenso ndinkadikira, ine weta wa m'hotela wovala tayi, kumvetsera ngati dothi liyankha. Zinkayankha ndi nyenje zokha. Nsapato zanga zopolisha zinandituluza matuza, ndinazivula, ndipo ndinadziwa kutentha kwa nthaka imene ndinawayendetsapo dzulo lake.

Titamaliza tinakhala pansi pa chulu. Manja anali akuda, milomo itauma. Ndinali ndisanasiye nzeru zanga za m'tauni.

"Amayi, bwanji titape pang'onopang'ono pa mtumbira uliwonse? Lake likhala momwemo."

"Ndikafike kumudzi ndi khamu la alendo? Akagona kuti? Awanso ali ndi amayi awo akuwadikira kwawo."

Anatenga kansalu kaja, anakakung'untha, anakapinda kanayi mmene kanalili. Anakayang'ana kanthawi. Kenako anandiika m'manja.

"Sunga. Uyu ndamulephera, azingoima pakhomo mpaka ndidzamupeze ndekha. Koma iwe, ndaona kuti kumudzi sudzabwera. Ukadzafa pakhale munthu wodziwa pamene wagona, adzatape aike umu. Ine ndidzakhala nditagona kale pafupi ndi bambo ako. Mpata ndikakusiyira."

Tinayamba ulendo wobwerera ku Hatile. Ndinapempha kuti ndiwabereke kumsana, anakana. Anakhala nane sabata imodzi mpaka mapazi atapola, akundiphikira, akundichapira mayunifolomu, osatchulanso nkhaniyo. Kenako anapeza anthu opita kwathu n'kunyamuka nawo, chimanjamanja. Pasiteshoni anandiuza kuti ndizidya, ndaonda. Sindinawaonenso. Kalata ya maliro awo inandipeza atagona kale mwezi wathunthu.

Ku Gatuma sindinakhalitse. Chithunzi chija ndinkachipukutabe m'mawa uliwonse, koma ndinkachipukuta ndikuyang'ana pansi. Ndinasamukira ku Hatile, ndinakwatira konkuno, ndipo ndakalambira muno mu lokeshoni ya Pfupajena. Chaka chilichonse tchire likapsa, mvula isanagwe, ndinkapita kukasesa mitumbira ija yonse, kuyambira kumapeto kuno mpaka uko. Ndinasiya miyendo itayamba kukana. Amene apitako posachedwa akuti okumba golide anatembenuza malo onsewo, chulu chomwe palibe.

Kansalu kalipo, m'sutikesi pansi pa bedi, kachita chikasu m'mapindo. Ana anga ndinawauza za iko. Pamene ndidzagone akupadziwanso, pafupi ndi amayi awo, ndinawatengera komweko masanasana n'kuwalozera ndi ndodo kuti pasadzakhale wonama. Wamkulu anagwedeza mutu n'kundiyankha m'Chishona kuti dothi adzatapa, zimenezo zisandidetse nkhawa. Kenako anafunsa kuti akatapa akalipereke kwa ndani, ndipo akafika pa boma la Ntcheu akhotere kuti. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimulongosolere njira, ine katswiri woonetsa anthu malo. Ndinapeza kuti sindikuidziwanso.